Mbuzi za Mdala Harvey

Mukakumana ndi a Overtone Chawe pa msewu waukulu wa ku Kings Heath, musadabwe akakusiyani m'malere nkhani ili m'kati. Amatha kukhala akukufunsani za kunyumba bwinobwino, kenaka n'kungoti zii, mutu atapendeketsa, maso ali patali. Anthu a kutchalitchi kwawo anazolowera. Amangodikira, chifukwa amadziwa kuti bambowa akumvetsera kulira kwa mbuzi, ndiponso kuti m'thumba la chikhothi chawo simusowa chingwe. Mbuzi mu Birmingham, pakati pa mabasi ndi masitolo a nsapato! Obwera kumene amaseka chakumbali. Amene anaiona nkhaniyi ikuyamba saseka ayi.

A Overtone anakulira ku Dowa, kumene khola la mbuzi amalimanga m'mwamba pa mitengo, chifukwa usiku pansi pamayenda afisi. Sukulu sanapite nayo patali. Mutu wa mabuku unali wa akazi awo, a Vailet, namwino, ndipo iwowo ndi amene anatsogola kubwera kuno atapeza ntchito m'chipatala cha boma. Bambo anatsatira mu 2003 ndi mwana wawo wamkazi Tiwa, atagawa mbuzi zawo zonse kwa abale. Pa bwalo la ndege analira, ndipo abale anaganiza kuti akulirira iwo.

Anakhala ku Longbridge, m'kanyumba ka m'mwamba, pafupi ndi fakitale yaikulu ya magalimoto. Ntchito anapeza yokolopa m'maofesi mbandakucha, eni maofesi asanafike. Akaweruka, tsiku linkakhala lisanayambe n'komwe: mayi kuchipatala, mwana kusukulu, iwo m'nyumba ndi wailesi ya kanema yolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Munthu anayamba kufota tikuona. Anali wosalankhulalankhula ndi kale, koma apa anafika poti ngakhale moni ankayankha ndi mutu. Ndiye anayamba kuyenda, kungoyenda basi, kulikonse kumene msewu wawatengera.

Tsiku lina akutsata njanji kuseri kwa fakitale, anamva "meee". Anaima. Mumtima anati basi, misala ija amati imagwira amuna osowa chochita kunja kuno yandipeza. Kulirako kunabweranso. Anakutsata, kudutsa pa tchire la minga, n'kutulukira pa kachigawo ka udzu kotalika koma kopapatiza. Mbali ina kunali njanji, mbali inayo kunali mpanda wa waya wa maalotimenti, timinda tija anthu a m'tauni amalimamo ndiwo, aliyense kake. Pa udzupo panali mbuzi zitatu zazikazi zili pa zingwe: yoyera, yofiirira, ndi yakuda ya khutu long'ambika.

Mwini wake anali mdala wina wachizungu, a Harvey, wamfupi, wa manja akuluakulu, amene anakalambira mu fakitale ija akumanga zitseko za magalimoto. Akazi awo anamwalira kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala ku Scotland. Mbuzizo ankazitcha "my girls", atsikana anga, ndipo ankazikalipira ngati anthu. Masana zinkadya pa kachigawoko. Usiku zinkagona m'kanyumba ka matabwa ka pa munda wa mdalayo, m'kati mwa mpanda, kokhala ndi zitseko ziwiri: china chotulukira ku udzu, china cholowera ku timinda. A Overtone anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana mbuzizo, mpaka mdalayo anatopa nako kuwayang'ana n'kuwapatsa ndowa. Mayina anafunsana patapita masiku.

Kuyambira pamenepo munthu anatsitsimuka. Akaweruka kokolopa ankalunjika ku njanji. Chingerezi cha a Harvey ankangomvamo apa ndi apo, nawonso a Harvey cha iwo chimodzimodzi, koma ntchito ya mbuzi sifuna mawu ambiri. Ankawenga ziboda, kusesa m'khola, kusuntha zikhomo kuti zidye pa udzu watsopano. Chimene a Overtone anakana kwa chaka chathunthu ndi tiyi wa mkaka wa mbuzi, ati kwawo mbuzi sakama. Pamapeto pake anamwa, n'kumapemphanso wina. Kutchalitchi anayamba kuwaitana kuti abusa, abusa enieniwo ali pomwepo.

Panali chikhothi china chobiriwira chimene a Vailet anawagulira m'sitolo ya zovala zakale. Chikhothi chimenecho chinamwa fungo la mbuzi mpaka mu ulusi.

"Abambo a Tiwa, chikhothi chanuchi chizigona panja," anatero a Vailet tsiku lina, atachigwira ndi zala ziwiri. "Ndikafika ku wodi ndikununkha tonde, mapeshenti aziti chiyani?"

"Kulibe tonde kumeneko, mayi. N'zazikazi zokhazokha."

"Kaya n'zazikazi kaya n'zazimuna, panja! Apo ayi ndichichape."

"Musachichape. Zimandidziwira pamenepo."

Anachikhomera msomali wakewake mu kolido, ndipo sichinachapidwe.

Kumayambiriro kwa 2006 a Harvey anagwa m'khola, ndowa ili m'manja. Anawapeza ndi a Overtone. Inali sitiroko. Anapulumuka, koma mbali ya kumanja inafa ndipo mawu anapita nayo. Atatuluka m'chipatala anawapititsa ku nyumba yosungirako okalamba, ndipo Lamulungu loyamba a Overtone anapita kukawaona atadzera ku mbuzi, chikhothi chili pathupi. Anapeza mdalayo ali pa mpando pafupi ndi zenera, pakamwa patakhota. A Overtone anasendera pafupi. A Harvey anatambasula dzanja la kumanzere, nagwira mkono wa chikhothi, naukokera pamphuno. Ananunkhiza nthawi yaitali maso atatseka, kenaka anaseka ndi theka la nkhope limene linatsala lamoyo.

"They are fine," anatero a Overtone, misozi ili lengelenge. "I keep them." Zili bwino, ndikuzisunga.

Kucheza kwawo kunakhala kumeneko. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankayamba adzera ku njanji, kusisita mbuzi zonse zitatu, kenaka n'kukapereka mkono kwa mwini wake. Ogwira ntchito pa nyumbapo ankakwinya mphuno bambowo akamadutsa, koma palibe anawaletsa.

Chilimwe cha chaka chimenecho kunatentha moti ngakhale ife a ku Malawi tinadandaula. Udzu wa pa kachigawo kaja unapsa n'kukhala ngati wa mu Okutobala wa kwathu. A Overtone ankathyola masamba m'mbali mwa njanji, ankatola makoko a kabichi kumsika n'kukwera nawo basi, koma mbuzi zitatu si nkhuku. Nthiti zinayamba kuwerengeka. Tsiku lonse zinkangoima pothera chingwe, kuyang'ana timinda tothiriridwa kuseri kwa waya. Bambowo zinkawawawa kwambiri, koma ankadziwa kuti chakudya cha eni chikadali m'munda, mbuzi imakhala pa chingwe. Ankangoziuza kuti pirirani, akolola posachedwa.

Apa m'pamene panagona tsoka. Kwathu kuja lamulo lake amalidziwa ngakhale mwana: mvula ikagwa mbuzi umamanga, anthu akakolola umamasula. Munda ukakololedwa sukhalanso wa munthu mmodzi. Mapesi, masangwi a mtedza ndi zonse zotsalira ndi za ziweto za mudzi wonse, ndipo palibe amene amapita kukapempha. Mu Okutobala a Overtone anaona azungu akukumba mbatatesi zawo, akuzula mitengo ya nyemba, timapesi ta chimanga titauma. Lamulungu lina anapeza eni tchalitchi chimene Amalawi amabwereka ataunjika maungu ndi maapozi kuguwa, akuthokoza Mulungu chifukwa cha zokolola. Akanafunanso umboni wina wanji? Zobiriwira zimene zinatsala m'timindamo anaziyesa zotayidwa. Sanadziwe, ndipo panalibe wowauza, kuti kuno kuli ndiwo zina zimene amazisiyira dala m'munda kuti zikhwime ndi chisanu.

M'mawa wina pakati pa sabata, ku timinda kulibe munthu, anatsekula chitseko cha m'kati n'kuvula mbuzi zingwe. Anaima kuziyang'ana zikuthamanga ngati ana oweruka kusukulu. Kenaka anapita kunyumba kukaphika, akuimba nyimbo ya kwaya panjira.

Atabwerera madzulo anapeza chigulu cha anthu. Anyezi wamkulu uja amamutcha liki anali atadyedwa mpaka pansi, timakabichi tomera pa tsinde tinatsala ndodo zokhazokha. Bambo wina wa komiti ya timinda anali atafiira mpaka m'makutu, akukalipa mawu othamanga oti a Overtone sanatolepo n'limodzi lomwe. Koma zimenezo zikanatha ndi kupepesa. Chimene sichikanatha chinali kumapeto kwa mzere, kumene mayi wina wachikulire, a Ann, anagwada pa kamtengo ka maapozi. Mbuzi zinali zitakasenda khungwa kuzungulira, kutsala thupi loyera, lonyowa. Mayiwo sankakalipa. Ankangokulunga kamtengoko ndi mpango wawo wa m'khosi.

Munthu wina anakokera a Overtone pambali n'kuwauza pang'onopang'ono kuti amve. Amuna awo a mayiwa atamwalira anawotchedwa, monga achitira ena kuno, ndipo phulusa lawo analikwirira pansi pa mtengo umenewo.

A Overtone anacheukiranso kamtengo kaja. Iwo, munthu wobadwira ku Dowa, kudyetsa mbuzi pamanda! Anapita pamaso pa a Ann, nanjuta pansi, nayamba kuwomba m'manja mwaulemu monga tipepesera kwathu. Anthu anayang'anana. Kwathu mlandu wotere umalipidwa ndi mbuzi, ndipo mawuwo anafika pakamwa, koma anakumbukira kuti mbuzizo si zawo. A Ann anangoti, "Please get up," dzukani, osawayang'ana kumaso.

Komiti inakhala pansi. Munda wa a Harvey ankangousunga mwa chisoni, mwini wake osalima. Tsopano anaupereka kwa munthu wina, ndipo khola, pokhala linali pa mundawo, linapita nawo. Zitseko zonse ziwiri anazikhomera. Mbuzi zinatsala kunja kwa mpanda, usana ndi usiku. Ataimbira foni mwana wa a Harvey, iye anati adzabwera kudzakonza zonse ikatha Khirisimasi. A Overtone anakhoma zikhomo zitatu mozama m'dothi, mtima ukuwagunda nthawi iliyonse hamala ikatsika. Mbuzi yomangidwa singathawe. Kuigoneka panja ili pa chingwe kuli ngati kuiika m'mbale.

Kunyumba chakudya chinasiya kulowa.

"Mukuopa chiyani kwenikweni?" anafunsa a Vailet. "Kuno kuli nkhandwe basi, zodya m'mabini. Mbuzi yaikulu sizingaiyambe."

"Sindikudziwa, mayi. Koma mtima sukukhazikika."

Tiwa, amene tsopano anali ku sekondale ndipo ankadziwa chilichonse, anayankha osachotsa maso pa buku. "Dad, there are no hyenas in England. Even the wolves are all dead. We did it at school." Kulibe afisi kuno, ati, ngakhale mimbulu inatha kalekale.

A Overtone anafuna kumukhulupirira mwana wawo. Koma m'matope a m'mbali mwa njanji anayamba kuona mapazi aakulu ngati chikhato chawo. Fakitale ija inali itatsekedwa chaka chapitacho, ndipo kuseri kwake kunasanduka chipululu cha konkire ndi tchire kumene munthu sankapondako. Mapaziwo ankachokera kumeneko. M'mawa wina mu Novembala, chifunga chitakuta paliponse, anapeza mbuzi zonse zitatu zili chete, zitayang'ana mbali imodzi. Anatsata maso awo. Pamwamba pa chitunda cha njanji panaima chinthu chotuwa, chachitali miyendo, cha maso oyera. Galu akaona mlendo amauwa. Ichi sichinauwe. Chinawayang'ana iwo, chinayang'ana mbuzi imodziimodzi mosafulumira, kenaka chifunga chinachimeza.

Atafotokoza kutchalitchi, a Gresham, amene anakhala kuno zaka zambiri, anaseka. "Ndi mahasiki aja, achimwene, agalu a fasho. Anthu amagula ali pa jobu, ikangotha amalephera kuwamaneja n'kungowadampa. Mmbulu ku Longbridge? Mwayamba kuona zinthu inu." Mwina a Gresham ankanena zoona. Koma kaya ndi galu kaya ndi mmbulu, mano ndi omwewo. Chimene chinawaopsa a Overtone koposa n'chakuti panalibe wina aliyense, wa ku timinda kapena wa m'nyumba zapafupi, amene anati anachionapo.

Ndiye anachita chimene ankadziwa. Anatola mapaleti, matabwa osanjikapo katundu aja, otayidwa kuseri kwa masitolo, kuwasenza limodzilimodzi, n'kumanga khola la m'mwamba lenileni la ku Dowa, la miyendo yaitali ndi makwerero ochotsa madzulo. Mbuzi zachizungu zija zinakwera ngati zinabadwira momwemo. Kwa masabata angapo bambowo anagona tulo. Kenaka kunabwera bambo wina wa jekete yachikasu wochokera ku kampani ya eni malowo. Sanali munthu woipa. Anati mbuzizo angathe kuzitsinzinira mpaka mwana wa mdalayo abwere, koma chimango chotere pafupi ndi njanji sangachitsinzinire, ana angakwerepo n'kugwa. A Overtone anayesa kufotokoza za chinthu chotuwa chija. Bamboyo anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu ngati mmene timachitira ndi wodwala. Lachisanu kunabwera lole, ndipo khola linapita.

A Overtone akanakonda kugona konko usiku umenewo, atafunda chikhothi chawo. Koma a Vailet anali pa manaiti, ntchito ya usiku, sabata imeneyo, ndipo kuno mwana samusiya yekha m'nyumba mpaka kucha. Anamanga mfundo zonse kawiri, anasisita yakuda ija pa khutu lake long'ambika, n'kubwerera kunyumba akucheukacheuka.

Loweruka kunacha ndi chisanu choyera pa udzu ponse. Ali chapatali anaona mizere iwiri yozungulira, yakuda bii pakati pa kuyerako, ngati wina wajambula ndi chala. Munali mmene mbuzi zinathamangira, kuzungulira chikhomo, kuzungulira, kuzungulira, mpaka chisanu kusungunuka, dothi kutuluka. Yoyera inagona m'mphepete mwa mzere wake, yofiirira mwa wake, zingwe zitakokeka mpaka pothera. Zinali zolumidwa pakhosi ndi m'miyendo koma zosadyedwa. Zimenezi a Overtone sanazionepo chibadwire. Fisi amapha kuti adye, ndipo umatha kumutukwana koma n'kumumvetsa. Ichi chinangopha n'kupita.

Yakuda panalibe. Inazula chikhomo n'kuthawa nacho. Mzere umene chikhomocho chinalemba pokokedwa unakwera chitunda n'kukathera pa miyala ya njanji.

Pamene ankasonkhanitsa mbuzi zakufazo, atazinyamula pachifuwa ngati ana, anamva waya ukugwedezeka. Anali a Ann, atabwera kudzaona kamtengo kawo kokulungidwa kaja. Anayang'ana mizere ija nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa. Kenaka anapita ku munda wawo, nabwera ndi chinsalu chakale cha lona, nachiponya pamwamba pa mpanda kuti bambowo azifundike.

Tsiku lonse a Overtone anasaka yakuda ija. Analowa m'chipululu cha kuseri kwa fakitale, anatsata njanji mpaka kumene nyumba zimathera, akuitana ndi kamluzu kamene inkadziwa. Kangapo konse anaimva. Inkalira kutsogolo, akafika pamenepo n'kulira kumbuyo. Anafunsa oyenda ndi agalu, anafunsa a panjinga, onse anapukusa mitu. Anafika kunyumba dzuwa litalowa, anavula chikhothi n'kuchisiya pansi pakhomo, nakhala pa mpando osayatsa magetsi. A Vailet ataona magazi pachifuwa ponse pa chikhothicho anamva chisoni chachikulu ndi mwamuna wawo. Sanafune kuti m'mawa adzuke n'kuonanso zimenezo. Asanapite ku ntchito anachiponya m'mashini, nachichapa kawiri ndi sopo wonunkhira maluwa, nachiyanika pa hita. Anachita mwa chikondi, ndipo palibe angawanene.

Lamulungu a Overtone sanalowe m'tchalitchi. Anavala chikhothi maganizo ali kwina, nakwera basi. Njira yonse ankayeseza bodza. Sananamizepo munthu wamkulu chikhalire, koma anaona kuti mdala wotsala mbali imodzi sangasenze kutayika kwa mbuzi zitatu nthawi imodzi. Anati akanena kuti zili bwino, lero lokha, mpaka yakuda ipezeke. Ikapezeka adzakhala ndi poyambira.

A Harvey anali pa mpando wawo pa zenera. Ataona mnzawo, theka la nkhope lija linawala, ndipo dzanja la kumanzere linatambasuka. A Overtone anapereka mkono monga mwa masiku onse, ndipo m'pamene fungo la maluwa linawafika iwonso m'mphuno. Anafuna kuubweza koma unali utagwidwa kale.

Mdalayo ananunkhiza pa mkono. Anakwinya pamphumi, nakokanso, nanunkhiza pa chigongono. Anawakokera pansi mpaka a Overtone anawerama, nanunkhiza paphewa, pa kolala, pa thumba limene munkakhala makoko a maapozi a mbuzi zija. Kenaka anatsekula maso n'kuwayang'ana.

"They are fine," anatero a Overtone. Mawu anatuluka okha, opyapyala.

A Harvey anasiya kukoka. Anasalaza mkono wa chikhothi uja ndi chikhato, pang'onopang'ono, pamene anaukwinya, n'kubweza dzanja pa miyendo yawo. Anatembenuzira nkhope ku zenera.

Yakuda ija sinapezeke, yamoyo kapena yakufa. A Overtone anapitabe Lamulungu lililonse mpaka mdalayo anamwalira chaka chotsatira. Ankakhala pambali pawo mpaka nthawi ya alendo ithe, koma dzanja lija silinatambasukenso.